Kanema Wosalankhula

Kuseri kwa depoti, pakati pa wometa ndi wogulitsa mayunitsi,
ndili ndi kachipinda, fani yolira ngati njuchi,
ndi kompyuta imene Twaibu anandigulitsa atachoka ku Joni.
Lero ndi tsiku lachitatu ndili pa ukwati wa Asiyatu.

Zithunzi zili bwino. Mpango wake woyera,
amayi a kwa Mponda akuvina, fumbi lili koboo,
shehe akutsegula pakamwa, kutseka, kutsegulanso
ngati chambo chongovuulidwa kumene.
Mawu palibe. Zii.

Kabokosi kofiira katulukira pakati pa galasi:
fayilo iyi sindikuidziwa.
Ndadina. Kabweranso.
Ndazimitsa, ndayatsa,
ndaiopseza kompyuta kuti ndikaigulitsa pa sikelo.
Kabweranso.

Mawuwa ndinawatola kutatu.
Kamera inamva zake, mphepo yambiri ndi jenereta.
Foni ya Jafali, yomangidwa ndi mphira pa sipika,
inasunga zake m'chovala china.
Ndiye pali mphindi ziwiri za bambo a mkwatibwi,
amene mapepala awo anatha ali kunja,
sakanatha kubwera, anangotumiza mdalitso pa foni.
Awa ndiwo akukanizidwa pakhomo.

Ndasintha mchira wa dzina, zilembo zakumapeto zija,
kuyesa kuti pulogalamu ipusa.
Mbuzi ukaitcha nkhosa imalirabe chimbuzimbuzi.

Magetsi athima nthawi ya nkhomaliro.
Ndakhala pakhonde, ndikutafuna chinangwa chootcha,
thukuta likutsika ndi msana.
Mlongo wake wa mkwatibwi waimitsa kabaza:
Bwana, lija ndi liti?
Mawa, ndatero, monga ndinanenera dzana.

Atayaka ndayamba kwina.
Ndawavula mawu aja chovala chawo chothina,
ndawaveka chachikulu, cholemera,
chimene pulogalamu iliyonse imachipatsa moni.
Alowa! Mzere wobiriwira wamera pansi pa zithunzi
ngati udzu wa mvula yoyamba.

Koma taonani.
Manja akukumana, kuwomba kukubwera m'mbuyo.
Nthungululu ikulira pakamwa patatsekedwa kale.
Poyamba kusiyana n'kochepa ngati tsitsi,
pofika pa mphatso, mawu atsalira mtunda wonse
wochoka pamlatho kufika kumsika.
Ndafufuza manambala. Ndi apa:
kamera imadula sekondi tizidutswa 48,000,
foni ya Jafali 44,100.
Anthu awiri anyamula denga limodzi,
wina wamtali mwendo.
Ndawauza ayende mofanana,
ndakoka mzere pang'onopang'ono, diso pa ng'oma,
mpaka dzanja ndi kulira kwake zagwera pamodzi.

Tsopano bambo aja.
Ndavala mahedifoni, khutu limodzi ndi lakufa.
Kumbuyo kwawo kukudutsa sitima, wina akukazinga,
iwo akutsokomola, akuti Asiyatu mwanangu,
kenaka chete.
Masekondi asanu ndi awiri.
Pulogalamu ikundifunsa mwaulemu:
ndichotse phokoso? Ndidule popanda mawu?
Chala changa chaima pa mbewa.
Ndamveranso, ndakweza mpaka kumapeto.
M'chete muja muli mpweya,
munthu akumeza chinthu chimene chakana kutsika.

Sindidula.
Sitima ikhale, chifuwa chikhale.
Pamwamba pake ndaika nkhope ya mkwatibwi
pomwe ankayang'ana kuchipata, osadziwa kuti ndikujambula.

Ndadina kuti iphike zonse pamodzi.
Kamzere kakukwawa ngati birimankhwe,
kafika pa 63, kaima kaye kuganiza.
Kumzikiti ayamba kuitana,
wometa akusesa tsitsi la anthu a lero,
babu laphethira kamodzi.
Ndagwira tebulo ndi manja onse awiri.
Musathime, musathime,
mkuluyu ali pakati polankhula.